Kuyamba ntchito yojambula matatuu ndi kuboola khungu ku Britain motsata malamulo

Kumudzi kwathu, mtsikana akafuna kuyamba kuvala ndolo, azakhali amatenga singano ndi ulusi, n'kumukhazika pamkeka, ndipo pakangopita kanthawi khutu labooledwa, kaulusi kali lende kuti bowo lisatsekeke. Agogo athu ambiri anali ndi mphini kumaso kapena pachifuwa, ndipo palibe amene anapita kuboma kukapempha chilolezo chozitemera. Munthu wokulira m'moyo wotere akafika ku Britain, n'kuona kuti ali ndi dzanja labwino lojambula, amatha kuganiza kuti chofunika ndi kugula makina pa intaneti, kuitanitsa inki, n'kuyamba kulandira anthu m'chipinda chake ku Leeds kapena ku Nottingham. Kuganiza kotereku n'kumene kumagwetsa anthu m'mavuto, chifukwa kumeneko kulowetsa singano m'khungu la munthu wina pofuna ndalama ndi ntchito yomangidwa ndi malamulo angapo, ndipo malamulowo sali m'buku limodzi. Malangizowa ndawayala m'ndondomeko imene ndikuona kuti imapulumutsa ndalama: zimene zingakulepheretseni kotheratu zili koyambirira, ndipo zogula zikubwera pambuyo pake.

Yambani ndi viza yanu

Musanaganize za makina, werengani zimene viza yanu imakulolani. Ojambula matatuu ambiri ku Britain amadzilemba okha ntchito, ngakhale akhale akugwirira m'shopu ya munthu wina, chifukwa amangolipira mpando kapena kugawana ndalama ndi mwini malo. Viza ya mwana wa sukulu siilola munthu kudzilemba yekha ntchito, ngakhale imamulola kulembedwa ntchito kwa maola owerengeka pa sabata. Viza imene munthu amapatsidwa akamaliza maphunziro, yotchedwa Graduate, imalola. Amene anabwera pa viza ya ntchito, monga ambiri a ife amene timasamalira okalamba, ali ndi malire a maola ndi a mtundu wa ntchito yowonjezera imene angagwire, ndipo malirewo amasinthasintha, choncho afunse kwa mlangizi wovomerezeka wa nkhani zolowa m'dziko. Khonsolo ikhoza kukulembetsani bwinobwino osafunsa zambiri za viza, koma kalata ya khonsolo siingakutetezeni ku Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko.

Dziwani dziko limene chipinda chanu chili

Ili ndi gawo limene anthu amasokonezeka nalo kwambiri, chifukwa timazolowera kunena kuti "ku UK" ngati kuti lamulo ndi limodzi kuyambira ku London mpaka ku Aberdeen. Pa nkhani iyi si choncho ayi.

Ku England, kunja kwa London, lamulo lalikulu ndi Local Government (Miscellaneous Provisions) Act 1982. Poyamba linkakhudza kujambula matatuu, kuboola makutu, kuchotsa tsitsi ndi magetsi ndi kubaya tisingano tochiritsira ta acupuncture. M'chaka cha 2003 analikuza kuti likhudzenso kuboola ziwalo zina za thupi ndi kupaka mtundu wosakhalitsa m'khungu, monga momwe amajambulira nsidze masiku ano. Lamuloli limafuna zinthu ziwiri zosiyana: munthu wochita bizinesiyo alembetse ku khonsolo, ndipo malo ogwirirapo ntchito alembetsedwenso. Kawirikawiri ndalama yolembetsera imaperekedwa kamodzi kokha, ndipo khonsolo iliyonse imaika mtengo wake. Kugwira ntchito osalembetsa ndi mlandu umene chindapusa chake chimafika mapaundi 1,000. Khonsolo imakhalanso ndi malamulo ake aang'ono okhudza ukhondo wa malo, wa zipangizo ndi wa munthu wogwira ntchitoyo, ndipo kalata yolembetsera pamodzi ndi malamulowo ziyenera kupachikidwa poonekera m'shopu.

Chimene chimadabwitsa pa dongosolo la ku England n'chakuti lamulo la 1982 silifuna kuti munthu akhale ndi satifiketi ya maphunziro aliwonse, ndipo khonsolo ilibe mphamvu zenizeni zokanira wopempha chifukwa chakuti sadziwa ntchito. Khoti ndi limene lingachotse munthu m'kaundula atapezeka wolakwa. Choncho pepala lopachikidwa pakhomalo limangonena kuti boma likudziwa kumene muli, silinena kuti ndinu katswiri. Ine ndimaona kuti uku ndi kufooka kwa lamulolo, ndipo munthu wanzeru asakutenge ngati mwayi.

Ku London makhonsolo ambiri amatsata London Local Authorities Act 1991, imene imafuna laisensi ya zimene amazitcha special treatments. Kusiyana kwake n'kwakuti laisensi imatha ndipo iyenera kukonzedwanso, kawirikawiri chaka ndi chaka, khonsolo ikhoza kuikana, ndiponso ikhoza kuikapo mfundo zake, monga maphunziro amene wogwira ntchito ayenera kukhala nawo ndi zaka za anthu amene angabooledwe. Ku Scotland, kuyambira m'chaka cha 2006, bizinesi yoboola khungu ndi kujambula matatuu imafuna laisensi ya khonsolo pansi pa Civic Government (Scotland) Act 1982. Ku Northern Ireland kuli kulembetsa kofanana ndi kwa ku England, koma pansi pa lamulo lakelake la 1985.

Dziko la Wales ndi limene lapita patsogolo kuposa onse, ndipo pali chifukwa chake. Cha m'ma 2014 ndi 2015, achinyamata angapo a mumzinda wa Newport anadwala kwambiri ataboola khungu pamalo amodzi. Mabala awo analowa kachilombo kotchedwa Pseudomonas aeruginosa, ena anagonekedwa m'chipatala n'kuchitidwa opaleshoni, ndipo azaumoyo anaitana anthu mazanamazana amene anapitako kuti akayezetse magazi. Nkhani imeneyi inathandiza kuti pakhazikitsidwe Public Health (Wales) Act 2017. Gawo lake lokhudza laisensi linayamba kugwira ntchito pa 29 November 2024, ndipo tsopano aliyense wojambula matatuu kapena woboola khungu ku Wales ayenera kukhala ndi laisensi ya dzina lake, imene imakhala zaka zitatu, ndipo malo ake akhale ndi kalata yovomereza. Kuti apeze laisensiyo ayenera kukhoza maphunziro a Level 2 a kapewedwe ka matenda opatsirana, kupereka kalata ya DBS yosonyeza mbiri yake ya milandu, ndi kukhala ndi inshuwalansi. Pali kaundula amene aliyense angathe kuwerenga kuti aone ngati wojambula wake ndi wovomerezeka. Munthu wolembetsedwa ku Bristol akawoloka mtsinje wa Severn kukagwira ntchito ku Newport, walowa m'lamulo lina, ngakhale ulendowo sutenga ola lathunthu.

Chochita chake n'chosavuta: lowetsani postcode ya malo anu patsamba la boma kuti mudziwe khonsolo yanu, kenaka imbani ku ofesi yoona za ukhondo wa malo, imene amaitcha Environmental Health, kapena ku ofesi ya malaisensi. Pemphani fomu, mtengo ndi malamulo awo aang'ono, ndipo muwawerenge musanasainire nyumba iliyonse.

Malo ogwirirapo ntchito

Kugwirira kunyumba sikoletsedwa paliponse, koma chipindacho chiyenera kukwaniritsa zofanana ndi za m'shopu, ndipo pabalaza pamene ana amaonerapo TV sipangavomerezedwe. Ngati mumachita lendi, pezani chilolezo cholembedwa kuchokera kwa mwini nyumba, chifukwa mapangano ambiri a lendi amaletsa kuchitira bizinesi m'nyumbamo. Funsaninso ofesi ya khonsolo yoona za mapulani a nyumba ngati kusintha kagwiritsidwe ntchito ka malowo kukufuna chilolezo. Iyi ndi ofesi yosiyana ndi ya ukhondo ija, ndipo kuvomereza kwa ofesi imodzi sikutanthauza kuti inayo yavomereza.

Mukamayendera chipinda, yang'anani pansi ndi pamakoma. Pansi pakhale posalala, posamwa madzi, popanda kapeti ndi ming'alu yobisa dothi. Mpando kapena bedi la kasitomala likhale lokutidwa ndi chikopa kapena pulasitiki yopukutika, yosang'ambika. Chinthu chimene chimawonongetsa anthu ndalama zambiri akachiiwala ndi sinki. Pafunika sinki yosambira m'manja yokha, ya madzi otentha ndi ozizira, yokhala m'chipinda chogwirira ntchito, ndipo oyendera malo amakonda mpopi wotsegula ndi chigongono kapena wodzitsegula wokha. Yotsukira zipangizo ikhale ina. Kukoka mapaipi m'nyumba yomanga kale n'kodula, choncho ndi bwino kukana chipinda chooneka bwino chopanda madzi kusiyana ndi kuchitenga n'kumalira pambuyo.

Phunzirani, ngakhale kumene lamulo silikukakamizani

Njira imene ambiri odziwika pa ntchitoyi anadzera ndi kukhala pansi pa katswiri m'shopu kwa nthawi yaitali, kusesa, kutsuka, kujambula papepala ndi pakhungu lochita kupanga, mpaka tsiku limene mwini shopu walola kuti mugwire munthu. Masukulu olonjeza kukuphunzitsani zonse m'masabata awiri alipo, koma eni mashopu ambiri sawawerengera. Pambali pa luso lojambula, chitani maphunziro a kapewedwe ka matenda ndi a chithandizo choyamba, ndipo mubayitse katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B musanayambe kugwira magazi a anthu.

Ife ochokera ku Malawi tinakula tikumva za kuopsa kobwerekana lezala ndi singano chifukwa cha HIV, koma pa ntchito iyi mdani wamkulu ndi hepatitis B ndi C. Kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma patebulo kwa masiku asanu ndi awiri, ndipo kadontho kosaoneka ndi maso n'kokwanira. N'chifukwa chake singano iliyonse imagwira ntchito kamodzi, imatsegulidwa m'paketi yake kasitomala akuona, n'kuponyedwa nthawi yomweyo m'kabokosi kachikasu kolimba ka zinthu zakuthwa. Inki imathiridwa m'tizibekete tating'ono totaya, ndipo yotsala siibwerera m'botolo ngakhale ikhale yodula chotani. Lezala yometera pamalo ojambulapo ndi ya munthu mmodzi. Makina, chingwe chake, botolo lopoperira ndi chogwirira nyali zimakutidwa ndi pulasitiki imene imasinthidwa munthu aliyense akachoka. Magolovesi salowa m'malo mwa kusamba m'manja, ndipo mukagwira foni muli nawo m'manja ndiye kuti ntchito yawo yatha, muvale ena.

Kuwiritsa chitsulo m'poto, kuchiotcha pamoto kapena kuchiviika mu spiriti sikupha tizilombo tonse. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito zipangizo zachitsulo zobwereza, monga zopanira za woboola khungu, muyenera kuzitsuka kaye bwinobwino, makamaka m'makina otsukira ndi mafunde a phokoso, kenaka n'kuziika mu autoclave, imene imapha tizilombo ndi nthunzi yotentha madigiri 134 kwa mphindi zosachepera zitatu. Zipangizo zamphako ndi zokulungidwa m'mapaketi zimafuna autoclave yokoka mpweya. Makinawa ayenera kuyesedwa tsiku lililonse logwira ntchito, kukonzedwa ndi amisiri ake pa nthawi yake, ndipo popeza ndi chiwiya chosunga nthunzi yamphamvu, amakhudzidwa ndi lamulo la Pressure Systems Safety Regulations 2000, limene limafuna kuti aziyenderedwa motsata dongosolo lolembedwa. Chifukwa cha chintchito chonsechi, oyamba kumene ambiri amasankha zipangizo zotaya zokhazokha, ndipo ine ndingalangize chimodzimodzi.

Zinyalala ndi inshuwalansi

Singano zogwiritsidwa ntchito, mathonje a magazi ndi magolovesi sizitayidwa m'bini ya kunyumba. Chitani pangano ndi kampani yovomerezeka kunyamula zinyalala za mtundu wa kuchipatala, ndipo musunge mapepala amene amakusiyirani akabwera kudzatenga. Ku England mapepala a zinyalala wamba amasungidwa zaka ziwiri, a zinyalala zoopsa zaka zitatu. Lamulo limaika udindo pa inu amene mwatulutsa zinyalalazo, ngakhale zitachoka kale pakhomo panu.

Pa inshuwalansi, pezani yoteteza anthu olowa m'malo anu ndi yoteteza pa zovuta zochokera ku ntchito yeniyeniyo, ndipo muwerenge bwino mndandanda wa zimene yakhudza, chifukwa ina imalola matatuu koma osati kuboola lilime, ina imakana kumaso ndi m'manja. Mukalemba munthu ntchito, inshuwalansi ya olemba ntchito ndi yokakamiza, yosachepera mapaundi 5 miliyoni, ndipo kukhala opanda iyo kungakulipitseni mapaundi 2,500 pa tsiku.

Tsiku la oyendera malo

Mukapereka fomu ndi ndalama, dikirani. Musalandire kasitomala, ngakhale mnzanu wa kutchalitchi wofuna kukuthandizani kuyesa dzanja ndi kandalama pang'ono, mpaka kalata itatuluka. Woyendera malo akabwera amayamba ndi zinthu zazing'ono. Amatsegula mpopi kuti aone ngati madzi otentha akutuluka. Amaponda bini kuti aone ngati chivundikiro chikutseguka ndi phazi. Amatenga paketi ya singano m'dirowa n'kuitembenuza kuti awerenge tsiku lothera ntchito ndi nambala yake, n'kuchitanso chimodzimodzi ndi botolo la inki. Amayendetsa chala m'mphepete mwa mpando kufuna pong'ambika. Kenaka amatha kunena kuti mumuonetse momwe mumakonzera tebulo kuyambira pamene munthu wina wadzuka mpaka pamene wina akhala, ndipo apa m'pamene amadziwira ngati ukhondowo uli m'manja mwanu kapena mwangouloweza usiku wathawu. Konzeranitu fayilo ya mapepala onse: inshuwalansi, pangano la zinyalala, masatifiketi, mafomu a makasitomala, ndi mapepala ofotokoza mankhwala otsukira amene mumagwiritsa ntchito.

Woyenderayo musamuone ngati mdani. Amagwiritsanso ntchito Health and Safety at Work etc. Act 1974, imene imamupatsa mphamvu zokulamulani kukonza chinthu kapena kukuimitsani nthawi yomweyo akaona ngozi yaikulu, koma ambiri amakondwa ndi munthu amene anawafunsa nzeru asanagule zinthu.

Zaka za kasitomala

Apa palibe kukambirana. Tattooing of Minors Act 1969 imaletsa kujambula tatuu pa munthu wosakwana zaka 18 ku England, Wales ndi Scotland, ndipo Northern Ireland ili ndi lamulo lofanana la 1979. Chilolezo cha makolo sichisintha kanthu. Mayi akhoza kubwera yekha ndi mwana wake wa zaka 17, n'kuchonderera kuti mumulembe dzina la malemu bambo ake pamkono, ndipo mukhoza kumva chisoni chenicheni, koma mukachita mwapalamula ndinu. Chokhacho chimene lamulo limalola ndi tatuu yochitidwa pa zifukwa za chipatala ndi dokotala kapena munthu wogwira ntchito moyang'aniridwa ndi dokotala. Wozengedwa mlandu angadziteteze posonyeza kuti anali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti munthuyo wakwana zaka 18, ndipo chifukwa chomveka ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi, monga pasipoti kapena laisensi yoyendetsera galimoto, osati ndevu kapena msinkhu. Lembani pa fomu mtundu wa chiphaso chimene mwaona.

Kuboola kuli ndi malamulo osiyanasiyana. Ku England kulibe lamulo la dziko lonse loika zaka zoyambira, ngakhale makhonsolo a ku London amaika zawo m'malaisensi, ndipo mashopu ambiri amadziikira okha zaka 16 pa wobwera popanda kholo. Ku Scotland mwana wosakwana zaka 16 saboola khungu pokhapokha atabwera ndi kholo kapena womulera amene wavomereza polemba. Ku Wales, kuyambira mu February 2018, ndi mlandu kuboola munthu wosakwana zaka 18 malo obisika, mabere kapena lilime, makolo avomere asavomere. Kulikonse, kukhudza malo obisika a mwana wosakwana zaka 16 kungasanduke mlandu wa nkhanza zogonana, umene ndi waukulu kuposa nkhani ya laisensi. Pa akazi, ngakhale akuluakulu, palinso Female Genital Mutilation Act 2003, ya ku England, Wales ndi Northern Ireland, yoletsa kudula kapena kuvulaza maliseche a akazi, imene chilango chake chimafika zaka 14 kundende, ndipo malire pakati pa kuboola kokongoletsa ndi kuvulaza koletsedwa si oti munthu woyamba kumene aziyesa yekha.

Anthu akwathu akadziwa kuti mumaboola makutu adzabwera ndi makanda, chifukwa kwathu si zachilendo. Onani zimene laisensi ndi inshuwalansi yanu zikunena pa ana aang'ono musanavomere, ndipo kholo lisaine lili pomwepo. Kamfuti koboolera kanapangidwira kunsi kofewa kwa khutu kokha. Pamwamba pa khutu, pamene pali chichereŵechereŵe, komanso pamphuno, pamafunika singano, chifukwa bala la pamenepo likalowa tizilombo limavuta kupola ndipo khutu likhoza kupunduka.

Fomu yovomereza, ndi zimene siingathe kuchita

Kasitomala aliyense adzaze fomu musanamugwire. Fomuyo ifunse za matenda a shuga, a mtima, khunyu, vuto la magazi osaundana msanga, mankhwala osungunula magazi, mimba, matenda a pakhungu, ndi zinthu zimene thupi lake limadana nazo, monga labala ya magolovesi kapena chitsulo cha nickel. Munthu woledzera ndi mowa kapena ndi mankhwala ozunguza bongo abwerere kwawo, chifukwa kuvomereza kwake sikuwerengedwa, ndiponso mowa umachititsa magazi kutuluka kwambiri. Kwa anthu a khungu lakuda funsani mwapadera za zipsera zotupa zotchedwa keloid, zimene timaziona kawirikawiri kumakutu ndi pachifuwa. Amene anatupapo kale, kapena amene abale ake ali nazo, auzidwe mosabisa kuti kuboola kungamusiyire chotupa chovuta kuchotsa. Lembani pa fomu yomweyo nambala za singano ndi inki zimene mwagwiritsa ntchito, kuti vuto likadzabuka mudzathe kulondola kumene linachokera. Popeza mafomuwa ali ndi nkhani za umoyo wa anthu, amatetezedwa ndi malamulo osunga chinsinsi, choncho akhale mokhoma, ndipo mufufuze ngati mukuyenera kulipira ndalama ya pachaka ku ofesi ya Information Commissioner, imene imayang'anira malamulowo. Munthu akamachoka mum'patse malangizo olembedwa a kasamalidwe ka bala, mum'uze zizindikiro zofuna dokotala, monga kutentha thupi, mafinya ndi kufiira kofalikira, komanso kuti ngati amapereka magazi adikire miyezi inayi.

Koma musaganize kuti siginecha imakutsukani pa chilichonse. M'chaka cha 2018, khoti la apilo la England ndi Wales linaweruza mlandu wotchedwa R v BM, wa munthu wa ku Wolverhampton amene anali wolembetsedwa ku khonsolo ngati wojambula matatuu ndi woboola khungu. Iye anadula khutu la kasitomala wina, anachotsa nsonga ya bere ya wina, ndipo anang'amba lilime la wina kuti likhale la mphanda ngati la njoka. Onse atatu anachita kufuna okha. Khoti linanena kuti kuvomereza kwawo sikungakhale chitetezo pa kuvulaza kwakukulu kotere, chifukwa zimenezo ndi maopaleshoni ochitidwa popanda chifukwa cha chipatala ndi munthu amene si dokotala. Mu 2019 analamulidwa kukakhala kundende miyezi 40. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti kalata ya khonsolo imakhudza ntchito zimene zatchulidwa m'lamulo basi. Kung'amba lilime, kuika zinthu pansi pa khungu ndi kudula chiwalo zili kunja. Kutema mphini ndi lezala ndi kuotcha khungu ndi chitsulo chamoto sizili pa mndandanda wa ntchito zolembetsedwa ku England, ndipo pambuyo pa chigamulo chimenechi munthu wochita zimenezi ngati bizinesi akudziika pangozi, ngakhale atanena kuti ndi mwambo wa kwawo. Kubaya kasitomala jakisoni wochititsa dzanzi nakonso n'koletsedwa kwa inu, chifukwa mankhwalawo ndi olembedwa ndi dokotala.

Inki ndi zokongoletsa

Gulani inki kwa ogulitsa odziwika amene amalemba pa botolo zimene zili m'katimo, nambala ya gulu limene inapangidwira ndi tsiku lothera ntchito. Mayiko a European Union anakhwimitsa malamulo a inki mu January 2022, n'kuletsa kapena kuchepetsa mankhwala zikwi zingapo, ndipo patapita chaka analetsanso mitundu iwiri yofala, Blue 15:3 ndi Green 7. Malamulo amenewa amagwiranso ntchito ku Northern Ireland. Ngati muli ku England, Scotland kapena Wales, funsani khonsolo za lamulo limene lilipo pa nthawi imene mukugula, koma inki yokwaniritsa muyezo wa ku Ulaya ndi poyambira pabwino. Yotchipa ya pamisika ya pa intaneti, yopanda dzina la wopanga, isiyeni. Ndolo kapena kachitsulo koyamba kulowa m'bala latsopano kakhale kophedwa tizilombo ndipo ka chitsulo chosatulutsa nickel yambiri, monga titanium. Amene akufuna kuwonjezera ntchito yojambula ndi hena pa maukwati apewe hena yakuda yosakaniza ndi mankhwala a PPD, amene saloledwa kupakidwa pakhungu ndipo amatha kuotcha munthu n'kumusiyira chipsera cha chithunzi chomwecho.

Msonkho, kusamuka ndi ngozi ya singano

Ndalama zimene mwapeza pa ntchitoyi zikapitirira mapaundi 1,000 m'chaka cha msonkho, chimene chimayamba pa 6 April, lembetsani ku HMRC, bungwe lotolera misonkho, pasanafike pa 5 October wotsatira kutha kwa chaka cha msonkhocho, ndipo muzisunga malisiti kuyambira tsiku loyamba.

Ku England kulembetsa kwanu kumamangika ku malo ndi ku khonsolo. Mukasamukira m'dera lina, kapena mukaitanidwa kukagwira ntchito masiku ochepa m'shopu ya mnzanu mumzinda wina, funsani khonsolo ya kumeneko musananyamule chikwama. Ku Wales kuli laisensi ya kanthawi, ya masiku osapitirira asanu ndi awiri, yopangidwira misonkhano ya ojambula ndi zochitika zofanana nazo. Lamulo la ku England limalola munthu wolembetsedwa kupita mwa apo ndi apo kunyumba ya kasitomala amene wamupempha, koma silinapangidwe kuti bizinesi yonse izikhala ya m'chikwama, ndipo makhonsolo ndi makampani a inshuwalansi ambiri salola kujambulira tatuu m'khitchini mwa munthu.

Pomaliza, lembani papepala n'kupachika pafupi ndi sinki zoyenera kuchita mukadzibaya ndi singano imene yalowa kale m'thupi la kasitomala, chifukwa nthawi imeneyo mutu sugwira bwino. Vulani golovesi, lolani balalo lituluke magazi pansi pa madzi oyenda, litsukeni ndi sopo popanda kulikhula kapena kuliyamwa, limateni, ndipo mupite ku chipatala cha ngozi zadzidzidzi tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amagwira bwino akayambidwa m'maola oyambirira. Tengani fomu ya kasitomala uja ndi kadi lanu la katemera wa hepatitis B, chifukwa adokotala adzafunsa zonse ziwiri.